Mafoni opinda: walira mvula walira matope

Kuchokera m'chaka cha 2019, makampani akuluakulu opanga mafoni a m'manja m'maiko a South Korea, China ndi America akhala akupikisana pa luso lopanga foni yomwe sikirini yake imapindika pakati ngati pepala koma osasweka. Poyamba mafoniwa adali a anthu a ndalama zawo okhaokha, koma pomwe kampani ya Tecno, yomwe mafoni ake ndi odziwika m'misika ya m'dziko muno, idatulutsa ake opinda m'chaka cha 2023, nkhaniyi idayandikira pakhomo. Lero munthu atha kulandira foni yotere ngati mphatso kuchokera kwa mbale wake wa ku Joni kapena ku Mangalande, kapenanso kuipeza ikutsatsidwa itagwira kale ntchito kunja.

Mafoniwa ndi osiririka ndipo munthu akaitulutsa pagulu, maso onse amakhala pa iye. Koma sadapangidwe mofanana. Ena amatseguka ngati buku, ena amapindira kunja, ena amatsekeka ngati kachikwama ka ndalama pomwe ena amapindika malo awiri. Mtundu uliwonse udabwera kudzathetsa vuto lina, koma pothetsa vutolo udabweretsanso lake. Choncho banja lomwe likuganiza zotaya ndalama zambiri pa foni yotere liyenera kudziwa kaye vuto lomwe likugulira limodzi ndi foniyo.

Chomwe chimaipangitsa kupindika

Sikirini ya foni wamba imakhala kuseri kwa galasi lolimba lomwe silipindika. Kuti foni ipindike, akatswiri adachotsa galasi lolimbalo n'kuyala tinyale ting'onoting'ono ta sikirini, totchedwa OLED, pa pulasitiki wofewa. Kuyambira m'chaka cha 2020, kampani ya Samsung idayamba kuikapo kagalasi kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, koma pamwamba pake pamakhalabe kachikopa ka pulasitiki koteteza. N'chifukwa chake sikirini yopinda imakandika msanga, mwina ngakhale ndi chikhadabo chikakanikizidwa mwamphamvu.

Chachiwiri ndi hinjesi, kachipangizo kolumikiza mbali ziwiri za foniyo monga momwe mahinjesi amalumikizira chitseko ndi felemu. M'kati mwake mumakhala tizitsulo tambirimbiri toyenda. Foni wamba ilibe hinjesi, kotero ilibe malo otere oti n'kuperepeseka. Zinthu ziwirizi, sikirini yofewa ndi hinjesi, ndizo gwero la ubwino ndi kuipa kwa foni iliyonse yopinda. Kusiyana kwa mitunduyi kwagona pa malo omwe kampani idasankha kubisa kapena kuonetsa zinthu ziwirizi.

Yotseguka ngati buku

Mtundu woyamba kutchuka ndi wa foni yomwe imatseguka cham'mbali ngati buku la nyimbo. Ikatsekedwa, imakhala ndi sikirini yaing'ono kunja yoimbira ndi kulandirira mauthenga, ndipo ikatsegulidwa imaonetsa sikirini yaikulu yofanana ndi ya tabuleti.

Samsung idaonetsa foni yake yoyamba ya mtunduwu, Galaxy Fold, mu February 2019 pa mtengo wa madola 1 980 a ku America. Zinthu sizidayende bwino. Mu April chaka chomwecho, atolankhani omwe adapatsidwa foniyi kuti aiyese adayamba kudandaula kuti masikirini akufa patangotha masiku ochepa. Ena adamatula kachikopa koteteza kaja poganiza kuti ndi pepala la m'sitolo, pomwe kwa ena tizinyalala tidalowera pa hinjesi n'kukabowola sikirini cham'kati. Kampaniyi idaimitsa malonda mpaka mu September, itakonza zolakwikazo.

Kuchokera apo zinthu zasintha kwambiri. Foni ya 2019 ija imalemera magalamu 276 ndipo ikapindidwa imakhuthala pafupifupi mamilimita 17, ngati mafoni awiri osanjikiza. Galaxy Z Fold7, yomwe idatuluka mu July 2025, imalemera magalamu 215 ndipo ikapindidwa imakhuthala mamilimita 8.9 okha, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi foni wamba. Sikirini yake ya m'kati ndi ya mainchesi 8.

Ubwino wa mtunduwu ndi woonekeratu kwa munthu wogwira ntchito pa foni. Wabizinesi atha kutsegula mndandanda wa katundu mbali imodzi ndi WhatsApp mbali inayo nthawi imodzi. Mphunzitsi kapena wophunzira atha kuwerenga buku lonse osafinya maso. Komanso sikirini yofewa ija imabisika m'kati foni ikakhala m'thumba, kotero makiyi ndi ndalama zachitsulo siziikhudza.

Kuipa kwake n'kwakuti munthu amalipira masikirini awiri, ndipo mtengo sudatsike: Fold7 idayambira pa madola 1 999. Pakati pa sikirini pamakhala khwinya lomwe limaoneka dzuwa likawala komanso limamveka chala chikadutsapo. Kuti foniyi ipyapyale chotero, kampani idasiya batire lake pa 4 400 mAh, pomwe mafoni ambiri otsika mtengo omwe amagulitsidwa pamsika ali ndi batire la 5 000 mAh. Mwa njira ina, foni ya sikirini yaikulu kwambiri yanyamula batire laling'ono kuposa la foni ya mwana wa sukulu. Chinanso n'chakuti kanema saonekera pa sikirini yonseyo, chifukwa kutalika ndi kufupika kwake n'kofanana ndithu, pomwe makanema ambiri amajambulidwa motambalala. Pamwamba ndi pansi pamangotsala mdima.

Yopindira kunja

Makampani ena adaganiza mosiyana. Iwo adati m'malo mopanga masikirini awiri, sikirini imodzi yomweyo izungulire kunja kwa foni ngati chikuto cha buku. Ikapindidwa, theka la sikiriniyo limagwira ntchito ngati foni wamba, ndipo ikatambasulidwa yonse imakhala tabuleti.

Foni yoyamba yopinda kugulitsidwa padziko lapansi idali ya mtundu umenewu. Idali FlexPai ya kampani ya Royole ya ku China, yomwe idatuluka chakumapeto kwa 2018. Kampani ya Huawei idatsatira ndi Mate X m'chaka cha 2019.

Nzeru imeneyi ili ndi ubwino wake. Sikirini ndi imodzi yokha, ndipo khwinya silizama kwambiri poti sikiriniyo imakhota mozungulira m'malo mofinyidwa. Koma apa ndiye pagona chikomekome cha mkuyu. Mbali yofewa kwambiri ya foni ndi yomwe imakhala kunja, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikaikidwa patebulo, yagonera sikirini. Ikagwa, palibe mbali yabwino yogwera. Chikwama choitchinjiriza n'chovutanso kupanga chifukwa paliponse ndi sikirini.

Msika udaweruza msanga. M'chaka cha 2021, Huawei idatulutsa Mate X2 yopindira m'kati ngati ya Samsung, ngakhale idapitiriza kupangako ina yopindira kunja. Kampani ya Royole, yomwe idatsogola pa mpikisanowu, idagwa ndipo khoti la ku Shenzhen lidalengeza m'chaka cha 2024 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Munthu yemwe adagula foni ya kampaniyi adatsala ndi katundu wopanda mwini woti n'kumudandaulira.

Yotsekeka ngati kachikwama

Omwe adali ndi mafoni m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira mafoni otsekeka, omwe munthu amati akamaliza kulankhula amangowatseka kuti phaa! Wotchuka kwambiri adali Motorola Razr V3 wa m'chaka cha 2004, yemwe adagulidwa oposa 130 miliyoni padziko lonse. Mafoni amenewo adali ndi sikirini kumtunda ndi mabatani kumunsi. Atsopanowa ndi sikirini imodzi yaitali yomwe imapindika pakati.

Motorola idaukitsa dzina la Razr mu November 2019 pa mtengo wa madola pafupifupi 1 500, ndipo Samsung idatulutsa Galaxy Z Flip mu February 2020 pa madola 1 380. Pofika 2021, Flip3 idatsika kufika pa madola 999. Tecno Phantom V Flip ya 2023 idagulitsidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 600, zomwe zidapangitsa mtunduwu kukhala khomo lolowera la anthu ambiri ofuna foni yopinda.

Cholinga cha mtunduwu n'chosiyana ndi cha wa buku. Wa buku umakulitsa foni, pomwe uwu umaichepetsa. Ikapindidwa imakwana m'thumba la malaya, m'kachikwama ka amayi kapena pa mfundo ya chitenje. Imathanso kuima yokha ikapindidwa theka, kotero banja litha kujambula chithunzi kapena kucheza pa kanema ndi mwana yemwe ali kunja popanda wina kuigwirira. Kasikirini kakunja, komwe pa Flip yoyamba kadali ka inchi 1.1 yokha, kadakula kufika pa mainchesi 4.1 pa Flip7 ya 2025, moti munthu atha kuyankha uthenga osaitsegula.

Koma wogula adziwe kuti ikatsegulidwa, foniyi sichita chilichonse chomwe foni wamba singachite. Sikirini yake ndi yofanana kukula ndi ya mafoni ena onse. Pa ndalama yomweyo, foni yosapinda imakhala ndi makamera abwino kuposa apa, chifukwa hinjesi imadya malo omwe akadakhala a kamera ndi batire. Batire limagawidwa pawiri, mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo nthawi zambiri limachepa. La Flip3 lidali la 3 300 mAh, ndipo la Flip7 lidafika pa 4 300 mAh. Kwa munthu yemwe amadalira sola kapena kukatchajitsa foni pa shopu, kusiyana kumeneku ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku.

Palinso mfundo ina yomwe ambiri saiganizira. Mwini foni ya buku atha kutha tsiku lonse akugwiritsa ntchito sikirini yakunja, n'kuitsegula madzulo okha. Koma mwini foni ya kachikwama amaitsegula pafupifupi nthawi iliyonse yomwe akufuna kuimba, kuwerenga kapena kutumiza ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Choncho mtundu wotsika mtengowu ndi womwe hinjesi yake imagwira ntchito ya kalavulagaga.

Yopindika malo awiri

Mu September 2024, Huawei idatulutsa Mate XT, foni yokhala ndi mahinjesi awiri yomwe imapindika ngati chilembo cha Z. Ikatambasulidwa yonse, sikirini yake imafika mainchesi 10.2. Ku China idayambira pa mayuan 19 999, ndipo itatulutsidwa m'maiko ena mu February 2025 mtengo wake udali mayuro 3 499. Samsung idayankha mu December 2025 ndi Galaxy Z TriFold ya mainchesi 10, yomwe mbali zake ziwiri zimapindira m'kati ngati kalata yoika mu envulopu.

Apanso mkangano uja wa kunja ndi m'kati udabwereranso. Ya Huawei imalola munthu kugwiritsa ntchito gawo limodzi, awiri kapena onse atatu, koma gawo limodzi la sikirini yofewa limakhala kunja nthawi zonse. Ya Samsung imabisa sikirini yonse yofewa, koma pofuna kutero idafunika sikirini ina yapadera kunja. Zonse ziwiri zili ndi makwinya awiri, mahinjesi awiri ndi malo awiri olowera fumbi, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 300.

Pa mafoni a Huawei pali chenjezo lina. Chiyambire pomwe boma la America lidaika ziletso pa kampaniyi mu May 2019, mafoni ake atsopano sabwera ndi mapulogalamu a Google monga Play Store, Gmail ndi YouTube. Wogula amayenera kufunafuna njira zina zolowetsera mapulogalamu omwe adazolowera.

Mdani wamkulu ndi fumbi

Makampani amakonda kulengeza kuchuluka kwa maulendo omwe foni ingapindidwe. Kwa zaka zingapo Samsung imatchula maulendo 200 000, omwe ndi ofanana ndi kuipinda ka 100 patsiku kwa zaka zisanu, ndipo m'chaka cha 2025 idati sikirini ya Fold7 idapirira maulendo 500 000. Koma mayeso amenewa amachitika ndi makina m'chipinda choyera bwino. Mulibe fumbi la pa siteji ya minibasi mwezi wa October, mulibe gaga wa kuchigayo, mulibenso mchenga wa kunyanja.

Njira yodziwira mphamvu ya foni pa nkhani imeneyi ndi chizindikiro cha IP chomwe chimalembedwa pa bokosi kapena m'mapepala ake. Chimakhala ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi ndi tizinyalala, yachiwiri imanena za madzi. Nambala yoyamba ikakhala 6, ndiye kuti fumbi silingalowe konse. Pakalembedwa X, ndiye kuti kampani sidalonjeze kalikonse pa za fumbi.

Mafoni opinda oyambirira adalibe chizindikirochi n'komwe. Fold3 ndi Flip3 a 2021 adabwera ndi IPX8, kutanthauza kuti atha kugwera m'madzi osawonongeka koma pa fumbi palibe lonjezo. Fold6 ndi Flip6 a 2024 adabwera ndi IP48. Nambala 4 imeneyi ikutanthauza kuti zinthu zokula kuposa milimita imodzi sizingalowe, koma fumbi la mumsewu ndi losalala kuposa pamenepo. Mpaka m'chaka cha 2025 ndi pomwe kampani ya Google idatulutsa Pixel 10 Pro Fold yokhala ndi IP68, chizindikiro chomwe mafoni apamwamba osapinda akhala nacho kwa zaka zambiri.

Izi zikutanthauza kuti mafoni opinda ambiri omwe angafike kuno atagwira kale ntchito, omwe ndi a zaka zapakati pa 2020 ndi 2024, sadapangidwire dera la fumbi. Kanjere kamodzi ka mchenga kakalowa pa hinjesi kapena kakatsekeredwa pakati pa sikirini, kamasiya kadontho kakuda komwe kamakula pang'onopang'ono mpaka mzere wonse wapakati utafa.

Ikawonongeka, akonza ndani?

Pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kapena pa Liwonde, foni wamba ikasweka sikirini, mnyamata wokonza mafoni pamsika amaisintha tsiku lomwelo chifukwa zipangizo zake zimapezeka. Ndi foni yopinda si choncho. Sikirini yam'kati nthawi zambiri imasinthidwa pamodzi ndi felemu ndi hinjesi, ndipo ngakhale ku America komwe ntchitoyi imadya madola mazana angapo, ndalama yokwanira kugula foni ina yatsopano yabwino. Foni yobwera ngati mphatso kapena yogula kwa munthu nthawi zambiri imakhala ilibe walanti yogwira ntchito m'dziko muno, kotero ikafa imayenera kutumizidwa kunja kapena kungosungidwa m'dilowa.

Mtengo wogulira nawo ndi nkhani. Pa mlingo wa kubanki wa m'chaka cha 2025, pomwe dola imodzi imasinthidwa pafupifupi K1 750, Fold7 ikadakwana K3.5 miliyoni, osawerengera misonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa. Malipiro ochepetsetsa omwe boma lidakhazikitsa mu June chaka chomwecho adali K126 000 pamwezi. Wolandira malipiro amenewa akadayenera kusunga ndalama yake yonse, osadya osalipira lendi, kwa miyezi yoposa 27. Ngakhale Phantom V Flip, yomwe ndi imodzi mwa zotsika mtengo, ikadaposa K1 miliyoni pa mlingo womwewo.

Kugulitsanso n'kovuta. M'mabanja ambiri foni ndi chuma chomwe chimagulitsidwa kapena kupinyoletsedwa pakagwa matenda kapena pakafunika fizi. Wogula foni wamba yakale amangoyang'ana sikirini ndi batire, koma wogula yopinda sangadziwe kuti yapindidwa kangati kapena kuti m'kati mwa hinjesi muli zotani, choncho amanenerera mtengo wotsika kwambiri.

Si kuno kokha komwe anthu akukayika. Ngakhale patha zaka chiyambire mpikisanowu, pofika 2025 mafoni opinda adali asadakwane awiri pa mafoni amakono 100 alionse ogulitsidwa padziko lonse. Kampani ya Apple, yomwe imapanga iPhone, idafika kumapeto kwa chaka chimenecho isadatulutse foni yopinda ngakhale imodzi.

Safunsa adadya phula

Izi sizikutanthauza kuti mafoni opinda ndi achabe. Luso lake lakhwima kwambiri poyerekeza ndi 2019, ndipo chaka chilichonse akupepuka, kulimba ndi kutsekeka bwino. Koma aliyense ali ndi mwini wake.

Foni ya buku ikuyenera munthu yemwe akadagula foni ndi tabuleti zonse ziwiri, amagwira ntchito ya zolembalemba m'nyumba kapena muofesi, ndipo ali ndi njira yofikira kwa okonza ovomerezeka. Ya kachikwama ikuyenera munthu yemwe vuto lake ndi kukula kwa mafoni a masiku ano, ali ndi magetsi pakhomo ndipo sadandaula kwambiri za kamera. Yopindira kunja ndi yopindika malo awiri ndi za anthu omwe kuwonongeka kwa foni sikungagwedeze bajeti ya banja.

Kwa yemwe wapeza yogwira kale ntchito, pali zoyenera kuona asadapereke ndalama. Aitsegule pa dzuwa n'kuyang'ana ngati kachikopa kapamwamba kayamba kunyamuka pa khwinya. Ayike chithunzi choyera pa sikirini yonse kuti aone ngati pali kadontho kakuda kapena mzere wobiriwira. Aitsegule ndi kuitseka kangapo ali pa malo a zii, chifukwa hinjesi yolowa mchenga imalira. Aonenso ngati ikutseguka mpaka kuwongoka bwinobwino. Koposa zonse afunse komwe angakaikonzetse ndi mtengo wa sikirini yatsopano, ndipo ngati wogulitsayo alibe yankho, limenelo ndiye yankho.

Kwa wogulitsa matimati pa Jenda, wa kabaza pa Lunzu kapena mlimi wa fodya wa ku Mponela, yemwe foni yake ndi banki, ofesi komanso njira yolankhulira ndi ana, chofunika ndi batire lokhalitsa, thupi losalowa fumbi ndi zipangizo zopezeka pafupi. Pa zinthu zitatu zimenezi, foni yosapinda ya mtengo wochepa ikuposabe pafupifupi foni iliyonse yopinda. Tsiku lomwe sikirini yopinda idzapezeke pa benchi ya wokonza mafoni wa pamsika pa mtengo woti banja n'kuukwanitsa, ndi pomwe mafoniwa adzakhale atafikadi kwa anthu a m'matauni ang'onoang'ono.